Mmene mungayesere mphekesera za ngozi ya ndege ya timu ya Zambia ya 1993

Mwezi wa Epulo ukamapita kumapeto, nkhani ya ndege imene inapha timu ya mpira ya Zambia imadzukanso m'mafoni athu. Chaka chino inandipeza pa Chitakale, pakhonde la sitolo pomwe tinausa mvula podikira kuti nyumba yoonetsera mpira itsegulidwe. Mwana wa mlongo wanga anandigunditsa foni kukhutu kuti ndimve uthenga wamawu umene unalowa pagulu lawo la WhatsApp. Munthu wa mawu okhathamira, wosatchula dzina lake, ankafotokoza kuti ndegeyo inachita kuomberedwa ndi asilikali a ku Gabon, kuti maboma awiri anapangana zobisa nkhaniyo, ndiponso kuti osewera amene sanakwere anali atatsinidwa khutu. Uthenga utatha, mnyamatayo anandiyang'ana nati, "Mwamva, amalume? Pafuka utsi pali moto."

Sindinamuseke, ndipo inunso musamuseke munthu wotere. Ine ndinamva za ngoziyi pa wailesi ndili mnyamata wa sukulu kuno ku Mulanje, m'masabata amene dziko lathu linkakonzekera referendamu ya pa 14 Juni 1993, nthawi imene manong'onong'o a pamsika ankanena zoona zambiri kuposa nkhani za boma. Munthu wokula m'nyengo yotere amaphunzira kukayika, ndipo kukayikako kuli ndi malo ake. Chofunika ndi kudziwa kuyesa nkhani, monga momwe mayi wogula nyemba pa Limbuli amalowetsa dzanja mpaka pansi pa thumba asanatulutse ndalama.

Yambani ndi kulemba papepala zinthu zimene palibe amene amazitsutsa. Zimenezi zimaoneka ngati ntchito ya ana asukulu, koma mukapanda kutero mudzakangana mpaka dzuwa kulowa aliyense ali ndi ndege yake m'mutu. Usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali a m'mlengalenga a Zambia, ya mtundu wa DHC-5D Buffalo yokhala ndi mainjini awiri, inagwera m'nyanja ya Atlantic itangonyamuka kumene pa bwalo la ndege la Libreville ku Gabon. Inagwa pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera kugombe, womwe ndi utali wa mabwalo a mpira asanu mutawalumikiza. Anthu onse 30 amene anali m'ndegemo anamwalira, ndipo 18 mwa iwo anali osewera, kuphatikizapo goloboyi Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka ndi Kelvin Mutale. Mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu ndi womuthandiza Alex Chola anamwalira limodzi ndi osewera awo. Timuyi inkapita ku Dakar kukasewera ndi Senegal pa mpikisano wolimbirana malo ku chikho cha dziko lonse cha 1994, ndipo ulendowo unakonzedwa kuti ndege iziima kumwa mafuta ku Brazzaville, ku Libreville ndi ku Abidjan. Masiku awiri m'mbuyomo anyamatawa anali atagonjetsa Mauritius 3-0 ku Mauritius komweko. Uthenga uliwonse umene ukuphonya pa mfundo izi, kaya tsiku, kaya malo, kaya mtundu wa ndege, wakusonyezani kale kuti mwini wake sanavutike n'kufufuza, ndipo zina zonse zimene akunena muzimve ndi khutu limodzi.

Mukatero, funsani kuti wolankhulayo ndi ndani ndipo anali kuti usiku umenewo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa munthu amene anaima pagombe la Libreville n'kuona moto m'mwamba, ndi munthu amene anamva kwa mnzake amene anawerenga pa Facebook kuti wina anaona moto. Ngakhale mboni yeniyeni muyenera kuithandiza kulekanitsa chimene maso ake anaona ndi chimene mtima wake unaganiza. Kuwala kwa moto mumdima ndi chinthu choonedwa. Kunena kuti motowo unachokera ku chipolopolo ndi ganizo, pakuti injini imene yayaka nayonso imaunikira thambo, ndipo munthu woima patali usiku sangasiyanitse ziwirizi ndi maso okha. Tonse tinaonapo moto wolusa paphiri la Mulanje m'chilimwe tili kumunsi kuno, ndipo palibe amene angalumbire kuti anaona ngati unayatsidwa ndi alenje, ndi owotcha makala kapena ndi ochita matabwa.

Ntchito yaikulu, imene ambiri amaithawa, ndi kumvetsa zimene ofufuza ananena ndi kuona ngati zili zotheka. Lipoti la boma la Gabon linatuluka mu 2003, patatha zaka khumi. Linati injini yakumanzere inayaka moto ndegeyo itangonyamuka, ndipo woyendetsa, m'malo mozimitsa injini yowonongekayo, anazimitsa yakumanja imene inali bwino, choncho ndegeyo inatsala yopanda mphamvu iliyonse ikadali pafupi ndi madzi. Lipotilo linatchulanso chipangizo chochenjeza chimene sichinkagwira bwino ntchito, komanso kutopa kwa woyendetsayo, yemwe anali atangobwera ndi timu yomweyo kuchokera ku Mauritius. Ndegeyo inali ya m'chaka cha 1975, inali itakhala miyezi ingapo isakuuluka kufikira masiku ochepa ulendowu usanachitike, ndipo vuto la injini linali litaoneka kale pamene inaima ku Brazzaville.

Apa ndi pamene mwana wa mlongo wanga anapukusa mutu. Anati msilikali wophunzira bwino sangazimitse injini yamoyo n'kusiya yakufa, ndipo kwa iye bodza la boma linali pamenepa. Funso lake ndi labwino, ndipo njira yoliyankhira ndi kufufuza ngati zoterezi zinachitikapo kwina kumene kulibe ndale za Gabon ndi Zambia. Zinachitika. Pa 8 Januwale 1989, ndege ya Boeing 737 ya kampani ya British Midland inagwa pafupi ndi mudzi wa Kegworth ku England oyendetsa atazimitsa injini yakumanja pomwe yowonongeka inali yakumanzere, ndipo anthu 47 anamwalira. Pa 4 Febuluwale 2015, ndege ya TransAsia inagwera mumtsinje ku Taipei itangonyamuka, woyendetsa atachepetsa mphamvu ndi kuzimitsa injini yabwino, ndipo anthu 43 anamwalira. Pa ngozi ziwirizi zipangizo zojambula mawu ndi kayendedwe ka ndege zinapezeka, kotero palibe chobisika pa zimene zinachitika kutsogoloko.

Chifukwa chake n'chomveka mukachiganizira modekha. Ndege ya mainjini awiri inapangidwa kuti ithe kuuluka ndi injini imodzi, koma nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene yangochoka pansi, ili yolemedwa ndi mafuta, ndi anthu ndi katundu, liwiro likadali lochepa ndipo sinakwere patali. Injini imodzi ikafa, inayo imakankhira ndege kumbali, mabelu ndi nyali zochenjeza zimayamba nthawi imodzi, ndipo woyendetsa amakhala ndi masekondi owerengeka kuti azindikire kumene kuli vuto. Usiku pamwamba pa nyanja kulibe mtengo, phiri kapena nyali ya m'mudzi yomuuza kuti pansi ndi uku, amangodalira zipangizo zimene zili pamaso pake. Chimodzi mwa zipangizozo chikanama, munthuyo ali wotopa, dzanja likhoza kupita pa chogwirira cholakwika. Ndege ikakhala pamwamba kwambiri pamakhala mpata woyatsanso injini, koma imene yangonyamuka mpata umenewo ilibe. Kudziwa izi sikutsimikizira kuti lipoti la Gabon linalondola pa chilichonse, koma kumachotsa mawu akuti "n'zosatheka", amene ndi mzati umene mphekesera zambiri zimatsamirapo.

Muyezo womwewo muugwiritse ntchito pa nkhani ya chiwembu, chifukwa si chilungamo kupanikiza lipoti ndi mafunso khumi n'kulandira uthenga wa pafoni popanda funso ndi limodzi lomwe. Ndege ikaomberedwa, zitsulo zake zimakhala ndi zizindikiro zosiyana ndi za injini yoyaka. Pamakhala msilikali amene anaombera, amene anamulamula, amene ankayang'anira bwalo la ndege, amene anavuula mitembo ndi zidutswa, ndi madokotala amene anapima. Onsewa akanayenera kusunga pakamwa kwa zaka zoposa 30, maboma akusintha ku Lusaka kuyambira nthawi ya Frederick Chiluba mpaka lero, pomwe boma lililonse latsopano limakondwa kuulula zoipa za amene linawalowa m'malo. Funsani tsono kuti umboni wogwirika uli kuti: dzina la mboni, chikalata, chithunzi cha chitsulo chobooka. Wina akakuyankhani kuti umboni kulibe chifukwa anaubisa, dziwani kuti wakupatsani nkhani imene singagonje pa mtsutso uliwonse, ndipo ndi mawu omwewo munthu akhoza kuneneza aliyense pa chilichonse.

Komabe musathamangire kutseka nkhani ngati kuti zonse zili poyera, chifukwa pamenepo mudzakhala mukunama inunso. Zaka khumi ndi nthawi yaitali kuti mayi wamasiye adikire kumva chimene chinapha mwamuna wake, ndipo boma la Zambia silinaike poyera lipoti lake lonse ngakhale mabanja akhala akulipempha chaka ndi chaka pa manda a ngwazi zimenezi pafupi ndi Independence Stadium ku Lusaka. Kukhala chete kumeneku n'koona, ndipo ndiko kunalera mphekesera. Mbali ina ya chifukwa chake ili m'malamulo. Ngozi za ndege zonyamula anthu wamba zimafufuzidwa motsatira ndondomeko ya bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO yotchedwa Annex 13, imene imafuna lipoti loyambirira pasanathe masiku 30, ndi lomaliza pasanathe miyezi 12 ngati n'kotheka, ndipo lomalizalo liyenera kuikidwa poyera. Ndege za asilikali sizimangidwa ndi ndondomeko imeneyi. Choncho mukamva za ngozi iliyonse, funso loyamba likhale lakuti ndegeyo inali ya ndani, pakuti yankho lake likuuzani ngati pali lamulo lokakamiza kuti anthu auzidwe. Ife a Malawi funsoli tinalidziwa mowawa pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali athu inagwa ku Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu.

Mukapeza kuti pali chobisika, dzifunseni kuti chete ameneyu akuteteza ndani ndiponso akuphimba chiyani. Pano ndipereke maganizo anga mosabisa. Kukweza timu ya dziko, imene mu 1988 inakwapula Italy 4-0 pa masewera a Olimpiki a ku Korea, m'ndege yakale ya asilikali chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, kuilola kupitiriza ulendo injini itaonetsa kale vuto, ndi kupatsa woyendetsa wotopa ulendo wautali chotero, ndi manyazi okwanira kuti akuluakulu asafune lipoti liwerengedwe pagulu, makamaka podziwa kuti mabanja adzafuna chipukuta misozi. Kunyalanyaza nakonso kumabisidwa, ndipo kumabisidwa kawirikawiri kuposa chiwembu. Ku Peru zinachitika motero. Pa 8 Disembala 1987, ndege ya asilikali a pamadzi yonyamula timu ya Alianza Lima inagwera m'nyanja pafupi ndi Lima, anthu 43 anamwalira ndipo anapulumuka ndi woyendetsa yekha. Lipoti linasungidwa mwachinsinsi, anthu anadzaza mpatawo ndi nkhani za mankhwala osokoneza bongo, koma litaululika mu 2006 linasonyeza kuchepa kwa luso la oyendetsa ndi kusasamalidwa bwino kwa ndege. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti nkhani ya chipolopolo cha ku Gabon imamasula anthu amene anali ndi udindo wosamala anyamatawo, chifukwa imatumiza mlandu wonse kutsidya kwa nyanja kwa msilikali wopanda dzina.

Kumbukiraninso kuti lipoti la boma likhoza kulakwa, ndipo muone bwino mmene kulakwako kumakonzedwera. Pa 6 Febuluwale 1958, ndege yonyamula Manchester United kuchokera ku Belgrade inalephera kunyamuka pa bwalo la Munich pa ulendo wachitatu woyesa, ndipo anthu 23 anataya miyoyo, asanu ndi atatu mwa iwo osewera. Ofufuza a ku West Germany analoza chala woyendetsa, James Thain, kuti sanachotse madzi oundana pamapiko. Munthuyo anachotsedwa ntchito ndipo analimbana ndi mlanduwo mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene kafukufuku wa ku Britain anamuyeretsa atapeza kuti chimene chinalepheretsa ndege kuthamanga mokwanira chinali chipale chosungunuka chimene chinali pamsewu wonyamukira. Chinamupulumutsa ndi mboni zotchula maina awo ndi kuyesa kwa akatswiri. Kwathu kuno tili ndi chitsanzo cholemera kuposa pamenepo. Mu Meyi 1983 tinauzidwa kuti Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, ndipo manong'onong'o ankanena zina. Manong'onong'owo anali ndi choonadi, koma chimene chinachikhazikitsa ndi komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 1994, pomwe anthu anaima pamaso pa oweruza n'kufotokoza zimene anaona ndi zimene anachita, ndipo inapeza kuti anthu anayiwo anachita kuphedwa. Mlandu suola, ndipo ngati pali china chimene chinachitika ku Libreville, njira yake yotulukira ndi yomweyo. N'chifukwa chake wokayika weniweni ayenera kuima limodzi ndi mabanja popempha kuti lipoti la Zambia litulutsidwe, m'malo mofalitsa mawu a munthu wosadziwika.

Nkhani ya amene sanakwere ndege isakutayitseni nthawi yambiri. Kalusha Bwalya ankasewera ku PSV Eindhoven ku Netherlands ndipo anakonza zokakumana ndi anzake ku Dakar kuchokera ku Ulaya, monga amachitira osewera akunja mpaka lero, pomwe Charles Musonda wa Anderlecht anali wovulala. Pa ulendo uliwonse, ngakhale wa minibasi yochokera ku Muloza kupita ku Limbe, pamakhala wina amene anatsala, ndipo ngozi ikachitika kutsala kwakeko kumaoneka ngati chizindikiro. Kumunena munthu wotero kuti ankadziwa ndi kumusenzetsa mtolo wachiwiri pamwamba pa maliro a anzake.

Chimodzimodzi ndi zinthu zimene zinadza pambuyo pake. Mu Okutobala 1993 timu yatsopano ya Zambia inkangofunika kufanana mphamvu ndi Morocco ku Casablanca kuti ipite ku chikho cha dziko lonse, koma inagonja 1-0, ndipo woyimbira masewerawo anali wa ku Gabon. Mkwiyo wa anthu a ku Zambia tsiku limenelo ndi womveka, koma kayimbidwe ka mpira wa mu Okutobala sikangatiuze chimene chinachitikira injini mu Epulo. Pa 12 Febuluwale 2012 anyamata a timu ya Zambia, yotchedwa Chipolopolo, anatenga chikho cha Africa mu mzinda womwewo wa Libreville atagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate, osewera atayamba apita kugombe kukaponya maluwa m'madzi. Ine ndinalira usiku umenewo m'nyumba yoonetsera mpira yodzaza ndi anthu othyola tiyi amene ankayenera kulawirira kumunda m'mawa mwake, ndipo sindichita nazo manyazi. Zimenezi zimagwira mtima, koma muzisunge padera ndi pepala lanu la umboni.

Kuwerenga za ngozi zina kumathandizanso kuti diso lizolowere mmene ndege zimagwera. Timu ya Torino ya ku Italy inatha pa 4 Meyi 1949 ndege yake itagunda khoma la tchalitchi cha Superga pamwamba pa phiri mu chifunga, anthu 31 n'kumwalira, ndipo aliyense amene anaonapo chiperoni chikumeza phiri lathu lonse mpaka munthu osaona mzere wachiwiri wa tiyi sangavutike kumvetsa. Ndege yonyamula timu ya Chapecoense ya ku Brazil inagwa pafupi ndi Medellín ku Colombia pa 28 Novembala 2016 chifukwa mafuta anatha, ndipo mwa anthu 77 anamwalira 71. Chifunga, chipale, mafuta, kutopa ndi kuumira ndalama ndi zinthu zosakoma kusimba pabwalo la bawo, koma ndizo zimabwerabwera m'malipoti.

Potsiriza pali kalankhulidwe ndi munthu amene wakubweretserani nkhaniyo, makamaka ngati ndi wamkulu kwa inu kapena muli pagulu. Musayambe ndi kumuuza kuti wanama, chifukwa akachita manyazi adzakakamira nkhaniyo kuposa kale. Vomerezani poyamba mbali imene ali ndi choonadi, yakuti lipoti linachedwa ndiponso kuti lina silinatuluke, kenaka mufunseni modzichepetsa kuti, "Kodi bambo, amene ananena za kuomberedwayo ndi ndani, ndipo tingakawerenge kuti?" Mukafuna kufufuza pa intaneti, lembani tsiku la ngozi ndi mtundu wa ndege, yang'anani nkhani za manyuzipepala zokhala ndi dzina la mtolankhani ndi tsiku limene zinalembedwa, ndipo muone ngati nkhani zitatu zimene mwapeza zili zochokera kwa anthu atatu osiyana kapena zonse zangokopera pamalo amodzi. Zithunzi muzisamale nazo kwambiri, pakuti chithunzi cha ndege ina yopsa chimatha kuikidwa pa nkhani ya ngozi imene sichikukhudzana nayo, ndipo poti ndege ya Zambia inagwera m'madzi, chithunzi cha zidutswa zili m'nkhalango chikhale chokwanira kukuimitsani. Chala chisanakanikize potumizira ena, kumbukirani kuti ana a osewera aja ndi anthu akuluakulu tsopano, ali ndi mafoni ngati athu, ndipo malire a Mchinji satchinga uthenga.

Tsiku lija pa Chitakale ndinapempha cholembera kwa mwini sitolo, ndipo kuseri kwa katoni ya sopo ine ndi mwana wa mlongo wanga tinagawa mizere itatu: zodziwika, zonenedwa ndi ofufuza, ndi zimene boma silinatulutse. Mawu a munthu wa mu uthenga uja anasowa mzere wolowamo, ndipo tinawalemba pansi paokha. Mnyamatayo sanavomere kuti ndamugonjetsa, ndipo sindinafune kuti avomere. Anatenga foni n'kulemba pagulu lawo kufunsa dzina la wolankhulayo ndi kumene anali pa 27 Epulo 1993, kenaka anang'amba chidutswa cha katonicho n'kuchipinda m'thumba, chifukwa chitseko cha nyumba ya mpira chinali chitatsegulidwa.